Mpando Wanu wa Mpira Wapeza Mwini

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Feira tilipo, tikudzuka. Mvula yagwa bwino chaka chino. Luangwa wadzaza mpaka wameza madimba a m'munsi, ndipo madzi ake akubwera ofiira, atanyamula mitengo yathunthu. Kutentha kwachepako, koma musaganize kuti tayamba kufunda mabulangete.

Ndiyambe ndi za kumunda, chifukwa ndi zimene mukanayamba kufunsa. Chimanga chimene munachisiya chikumasula ngayaye tinakolola, ngakhale njovu zinadya mizere ya kumapeto. Nkhokwe sinadzaze, koma sitinagule ufa. Masau anabereka mpaka nthambi kuthyoka, tinayanika ambiri. Mbuzi munazisiya zisanu ndi imodzi, tsopano zilipo zisanu ndi zinayi. Ndikudziwa kuti mukuseka. Paja munkati, "Iwe Agnesi, udzadzuka m'bokosi kuti uwerenge anthu obwera pamaliro ako." Pamaliro anu ndinayesetsa kugwira mtima, koma nditafika pa azimayi a kutchalitchi ndinapeza kuti milomo yanga yayamba kale yokha.

Nkhani yaikulu ndi iyi: Luiza, mkazi wa Lazaro wanga, mtsikana wa kutsidya ku Zumbo, kwanu ku Mozambiki uja, anachira kuchipatala cha ku Katondwe mvula isanayambe. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Malita. Choncho masiku ano ndimasambitsa amayi anga m'beseni, ndipo amandikalipira monga kale.

Tsopano za mpira. Mpikisano wa mayiko a mu Afirika uja wafikanso. Lazaro anakwera padenga kukawongola dishi ya tivi, nagula batire la sola kuti malaiti akathima tisatsale m'njira. Chipinda chochezera chimadzaza monga mukudziwira. Amuna anga aTembo amakhala pampando wawo waukulu, chipewa pabondo. AMulenga, a ku ofesi ya zaulimi amene anachokera ku Lusaka aja, amabwera ndi mpando wawo ndi phokoso lawo. Oyandikana nafe amadzaza mphasa. Koma kampando kanu kachikopa ka pafupi ndi chitseko palibe amene ankakhalapo. Sindinaletse munthu. Anthu ankangokalambalala okha.

Tinkakusowani kwambiri tsiku la mpira. Zambia ikamasewera munkafuula nafe limodzi, koma ikalowa Mozambiki munkatsala nokha kulimbana ndi chipinda chonse. Osewera onse munkawatcha ana a alongo anu, chonsecho simunkadziwa dzina la mmodzi yemwe. Wapagolo munkamulangiza kuti, "Tseka chitseko, mwanawe, kunja kuli mbala!" AMulenga atakufunsani kuti kwenikweni muli mbali iti, munawayankha kuti, "Uko ndinabadwa, kuno ndinabala. Musandisankhitse."

Mpikisano utangoyamba, Lazaro anandipeza kukhola la mbuzi nkhope ili gwa.

"Amayi, Luiza akuti akufuna kuwoloka. Akuti akaonere mpira wa Mozambiki kwa alongo ake ku Zumbo."

"Ndi mwana wakhanda? Pamadzi awa?"

"Wauza kale aZuze a bwato."

"Mwayambana?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga tivi yathu ino Mozambiki siituluka?"

Ndinakasuzumira m'kanyumba kawo. Munthu wopita kukaonera mpira amatenga chitenje ndi matewera. Luiza anali atamanga zovala zake zonse, neti ya mwana, ndiponso makapu asanu ndi limodzi amene anabwera nawo paukwati anali atachoka pashelefu. M'maganizo ndinaona bwato laling'ono la aZuze pakati pa mitengo yoyandama ndi mvuu, muli Malita. Ndinaonanso kuti ngakhale atawoloka bwino, munthu wonyamula makapu sabwerako msanga.

Masana ake kunali mpira wa Zambia. Ine, mwa chizolowezi changa, ndinawerenga mitu. Alendo anali onse, koma a pakhomo pano ankaperewera mmodzi. Ndinatuluka ngati ndikukatunga madzi. Luiza anali pansi pa windo la chipinda chochezera, mwana kumsana, akutsuka mbale. Amayi, mbale za chakudya cha masana zinali zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali nditaziona zili zoyera kale pathandala. Ankazitsukanso. Nditaima kumbuyo kwake ndinaona chimene ankaona: galasi la kabati yanu limaonetsa tivi yonse kwa munthu amene ali pawindopo. Mpira ukayandikira golo, manja ake ankaima m'madzi.

"Amake Malita, mbalezo zikutha utoto. Bwanji osalowa?"

Anadzidzimuka, nagwada m'matope momwemo.

"Muli atate m'menemo, amayi."

"Atate anuwo aluma ndani? Paja ndinakuuzani tsiku loyamba kuti pano ndi panu, khalani omasuka."

Anayang'ana pansi nati, "Munanena ndi pakamwa, amayi, ndipo ndinathokoza. Koma m'manja mwanga simunaikidwe kanthu. Agogo anati adzandilowetsa okha tikakolola. Anapita asanandilowetse."

Apo ndi pamene ndinakumbukira. Munanenadi, tili pakhonde tikusenda mtedza, kuti mtsikanayu mudzamumasula nokha mwa chikwanu, kuti azitha kukhala ndi kudya pamodzi ndi apongozi ake aamuna. Kenako munadwala, maliro anameza zonse. Ine ndi sukulu yanga ndinkaganiza kuti mawu aja anakwanira. Miyezi yonseyi mwanayu wakhala akupatuka m'njira aTembo akamabwera, akupereka madzi ali pakhomo, akudyera kukhitchini, ife n'kumamutama kuti ali ndi ulemu. Tsopano anyamata a kwawo ankati asewere, phokoso la kwawo limveke m'nyumba mwathu, iye ali panja ngati wodutsa.

"Kwathu ndimakhala kutsogolo, amayi," anatero motsitsa mawu. "Alongo anga amandithamangitsa chifukwa cha kukuwa."

Madzulo ake ndinawafotokozera aTembo. Anatsegula pakamwa.

"Ndiye mwanayu amandithawa chifukwa cha zimenezo? Ine ndimaganiza kuti ndimanunkha nsomba!"

"Kununkha mumanunkha, koma nkhani si imeneyo."

"Ndichite chiyani tsono?"

"Nkhuku yanu yoyera ija."

"Imene ikuikira ija? Amake Lazaro, ine Mozambiki inandilakwira kale, lero indidyerenso nkhuku?"

"Kapena mdzukulu wanu akwere bwato la aZuze."

M'mawa mwake ndinawaona aTembo akuthamangitsa nkhuku kuseri kwa nkhokwe, munthu wamkulu ndi ndevu zake zoyera, akuterereka m'matope. Anakana kuthandizidwa. Anati mphatso ya mpongozi amagwira ndi mwini wake.

Ine ndinapita kwa amake Dailesi, mnzanu amene munkatola naye masau, kuti andiuze ndondomeko yake bwinobwino, chifukwa sindinkafuna kudumpha kanthu. Anandiseka kuti aphunzitsi abwera kudzaphunzira, koma anandiuza, ndipo anabwera okha kudzaonetsetsa.

Tinachita mwambowo tsiku la mpira wa Mozambiki, dzuwa litapendeka, anthu atasonkhana kale. Ndinavala chitenje chanu chobiriwira. Ndinamugwira Luiza dzanja pakhomo, iye akuyenda ndi maondo, mutu uli pansi, mpaka tinafika pamapazi pa aTembo. Iwo anaika nkhuku m'manja mwake, nakonza kukhosi ngati ali pamsonkhano.

"Kuyambira lero ndinu mwana wa nyumba ino. Lowani, khalani, idyani. Mukafuna kunditsutsa, munditsutse, monga amachitira ena onse pano."

Amake Dailesi anabweretsa mtedza wokazinga m'mbale yanu ya m'mphepete mwabuluu, aTembo anatapa, Luiza anatapa, tonse tinaimba nthungululu. Nkhuku inapulumuka n'kuuluka pamutu pa aMulenga, koma amake Dailesi anati zimenezo sizichotsa kanthu pamwambo. Kenako ndinakoka kampando kanu ndi kumuuza Luiza kuti akhalepo. Anandiyang'ana, anayang'ana kampandoko, nakhala m'mphepete mwenimweni.

Mozambiki inkasewera ndi dziko lina la kumadzulo. ATembo anasankha dzikolo nthawi yomweyo, monga ankachitira ndi inu, ngakhale sakudziwa kuti lili pati. AMulenga anayamba kale kunyoza kuti a ku Zumbo lero agona ndi njala. Luiza anali ndi Malita pamiyendo, akuonera chapansipansi ngati akuopa kuti tivi imuona. Ine sindinkaonera mpira. Ndinkaonera iye, ndipo ndinkaganizira katundu uja amene anali adakali womanga m'kanyumba. Nkhuku yokha simasula mtolo.

Ndiye mnyamata wina wa kwanu anathamanga ndi mpira m'mphepete, naponya pakati, wina n'kuugunda ndi mutu. Amayi, sindinadziwe kuti m'thupi laling'ono lija muli mawu otere. Malita anapezeka ali m'manja mwanga osapemphedwa. "Goloooo!" Luiza anali m'mwamba, chitenje chikuuluka, akuvina pakati pa chipinda, ndipo phazi lake linagunda kapu ya thobwa imene inali pafupi ndi aTembo. Thobwa lonse linathera pa thalauzi lawo.

Luiza anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anagwa pamaondo, nayamba kubwerera chambuyo kulowera kuchitseko. Lazaro anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti akangodutsa pakhomo paja, mawa lake aZuze anyamula anthu awiri.

ATembo anayang'ana mwendo wawo wonyowa, nauyang'ananso, kenako anatembenukira kwa ine.

"Amake Lazaro, apongozi anga aja abwerera. Onani, ndi mwendo womwewo umene ankauthira thobwa chaka ndi chaka."

Anthu anaphulika kuseka. Amake Dailesi anagwetsa misozi. ATembo anakweza dzanja.

"Amake Malita, mukupita kuti? Bwererani pampando wanu, mpira sunathe. Tibweza pompano."

Luiza anaima pakhomo penipeni. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako, ndi mawu aang'ono koma omveka, anati, "Mubweza ndi miyendo iti, atate? Anyamata anu atopa kale."

"Mwamva?" anakuwa aTembo. "Nkhuku yanga sinafike n'kukhola komwe, munthu wayamba kale kundinyoza!"

Kuyambira pamenepo chipinda chinagawanika monga kale, koma ulendo uno sanali yekha. Ndinasuntha mpando wanga kufupi ndi wake, amake Dailesi nawo anabwera. Wapagolo atatuluka patali, ndinamva pakamwa panga pakufuula kuti atseke chitseko, kunja kuli mbala. Luiza anandiyang'ana modabwa, ndipo ndinamuuza kuti mawuwo ndi a mwini mpandowo. Mukandifunsa kuti zigoli zinathera pati, amayi, mundikhululukire. Ine amene ndimadziwa kuchuluka kwa masupuni a m'nyumba muno ndinachita kufunsa Lazaro pambuyo pake, ndipo ndaiwalanso. Mitu yokha ndi imene ndinawerenga, ndipo inakwanira.

M'mawa mwake aZuze anafika ndi nkhafi paphewa, akuti madzi achepako pang'ono, ngati ulendo ulipo tinyamuke. Ine ndinali pakhonde. Luiza anatuluka m'khitchini, manja ali ndi ufa.

"Pepani, aZuze, mwavutika. Sindiwoloka. Mawa Zambia ikusewera, ndipo atate adzafunika munthu wowatonthoza."

"Wowatonthoza kapena wowaseka?" anafunsa aTembo ali kuseri.

"Zidalira anyamata anu, atate."

Masana ndinadutsa dala pakanyumba kawo. Makapu onse asanu ndi limodzi ali pashelefu. Ku Zumbo adzapita chilimwe, madzi akaphwa, pamodzi ndi Lazaro, kukaonetsa mwana. Nkhuku yoyera ikuikira m'dengu la Luiza tsopano, ndipo aTembo amachita kupempha dzira.

Amayi, ntchito imene munaisiya tamaliza, ngakhale tinachedwa. Ndikukulonjezani kuti kampando kanu sikadzakhalanso kopanda munthu, ndipo Mozambiki sidzasowa wofuulira m'nyumba muno. Malita akadzakula ndidzamuuza ndekha kuti uko kutsidya ndi kwawo, kuno ndi kwawo, asalole munthu kumusankhitsa. Mvula ikatha tidzabwera atatu kudzalambula pamanda panu, ine, Luiza ndi mnzanu wa dzina. Mudzatimva tisanafike, chifukwa mpongozi wangayu tsopano salankhulanso motsitsa.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,

Agnesi