Chimene Ndinakwirira Pambali pa Amayi Anu

Kwa Nsamala,
Balaka.
18 Novembala 1988.

Okondedwa alamu a Abdulaziz,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula yoyamba yagwa, anzanga abzala kale, koma ine ndikungozungulira pabwalo, mtima suli m'malo.

Alongo anu a Saida anawachita opaleshoni Lachiwiri la sabata yatha. Kachidutswa ka chotupa chija komwe anatumiza ku Blantyre kanaonetsa kuti ndi khansa, ya mtundu wosowa, moti adokotala akuti pantchito yawo yonse aiona kawiri kokha. Bere lamanzere analichotsa lonse. Phala akumwa, ayambanso kundikalipira, ndiye mudziwe kuti mphamvu zikubwerera.

Tsopano imvani izi, poti mwini mbumba ndinu. Asanalowe m'chipinda cha opaleshoni, alongo anu anandigwira dzanja nati, "Bambo a Lukiya, chiwalo cha Msilamu sichitayidwa ndi zinyalala. Mukachiike bwinobwino." Ndinachonderera bambo wina wothandiza m'chipindamo, Msilamu mnzathu, mpaka anandipatsa berelo mwakabisira. Ndinalikulunga m'nsalu yoyera, n'kukwera basi, n'kukalikwirira pambali pa manda a amayi anu dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake adokotala analifunafuna berelo chipatala chonse. Akuti limayenera kubwera kwanuko pa ndege, lili mu ayisi, kuti akapime ngati chotupacho chimakula ndi mahomoni, timadzi tina ta m'thupi la amayi. Ngati ndi choncho, alipo mapiritsi ochimana timadzito. Ngati ayi, mapiritsiwo n'kutaya nthawi chabe, pafunika mankhwala aukali a m'diripi. Panopa akuti angoyesa mwayi. Anandifunsa, "Bambo, inu simukudziwapo kanthu?" Ndinayankha kuti, "Iyayi, adokotala," maso ali pansi. Ndinanama, alamu, ine amene ndimadzudzula anzanga abodza pakhomo pa mzikiti.

Kawiri konse ndafika kumandako ndi khasu, n'kubwerera osakumba. Ndili ndi mantha. Chonde tafunsani kuzipatala zikuluzikulu zakwanuko ngati chinthu chogona m'dothi chingapimidwebe, ndipo muyankhe msanga, ngakhale kalatayo ikhale yondinyoza.

Ana onse akupereka moni. Alongo anu nawonso, akuti musade nkhawa chifukwa Allah anawapatsa mwamuna womva zonena mkazi wake. Sindinawauze. Mapiritsi ayamba kumwa Lolemba.

Ndine mlamu wanu,
Hamadi.