Nambala Yolowera Ikupita pa Foni Yanu

Amake Faith,

Mukapeza kapepalaka, ndiye kuti tasemphana panjira. Ndapalasa njinga kukulondolani kwa amayi ku Kabudula.

Seva ya ku kopaletivi, kompyuta yosunga mayina a alimi ija, yandikaniza kulowa. Ndikalemba dzina ndi pasiwedi patsamba lake lija, ikuti yatumiza nambala yotsimikizira pafoni. Paja tsiku loikhazikitsa ndinalembetsa foni yanu, yanga itatha moto. Pepani, mutu wangawu! Ndakuimbirani kangapo, simukupezeka, ndipo popanda kulowamo alimi sitingawagawire mbewu.

Mukafika muitchaje foniyo, musachokenso.

Kunena zoona, a tcheyamani anati zimenezi zikhoza kudikira mpaka Lolemba. Wolephera kudikira ndine. Chichokereni inu nyumba ino yangoti zii, moti dzulo ndinapezeka ndikufotokozera nkhuku nkhani ya sevayi.

Ine wanu,
Tomasi