Ndathamangira Mopu

Lolemba madzulo, ku Delft.

Mpaka pano sindikukhulupirira zimene ndachita. Lero ndayamba ntchito yothandiza dokotala pakiliniki, patatha zaka zisanu ndi zinayi chimalizireni sukulu ya zachipatala. Zaka zonsezo ndakhala ndikukolopa m'nyumba za eni ake ku Milnerton.

Ndikupima kamtsikana kena, kanasanza pansi. Sindinaganize n'komwe. Ndinakasiya pabedi n'kuthamangira mopu. Mayi wachikulire amene amakolopa pakilinikipo anandigwira dzanja n'kundilanda mopuyo. "Sisi, iyi ndi ntchito yanga. Mwana uja akudikira inu."

Amayi ake a mwanayo ankangondiyang'ana, ine n'kubwerera pabedi paja mwamanyazi.

Ndinkaopa kuti ndaiwala za m'mabuku, koma zonse zilimo m'mutu. Manjawa ndiwo sanamvebe kuti ntchito yasintha.