Chiliza cha Amock Chili M'boti

Loweruka, 15 Okotobala 1994

Chiliza chauma kuseri kwa nyumba. Ndachotsa masaka onyowa aja m'mawa uno, simenti yagwira gwa. Dzina ndinalemba ndekha ndi msomali isanaume: AMOCK ZIMBA. Chilembo chomaliza chapendama, koma ndi dzanja langa. Mtedza wanga wonse wa chaka chino uli m'mwala umenewu.

Chaka chatha mwamuna wanga ali pansi pa mulu wa dothi, mbuzi zikupondapo. Ndinalumbira pamaliro kuti kwathu ku Kasungu, ku Malawi, sindibwerera manda ake asanamangidwe. Tagwirizana ndi abale ake kuti tikachiika kumanda Lamlungu lomaliza la mwezi uno. Ndikatero ndimange katundu, kuno ku Magodi kwanditopetsa.

Kudamu phokoso tsiku lonse. Mlamu wanga Kenan ndi boti la mkulu wake. Amock analigula lakutha ku Siavonga kumene ankagwira ntchito, kuti aziwolotsa anthu ndi chimanga m'dzinja. Maliro asanazizire Kenan anatenga boti, njinga ndi wailesi. Ine anandisiyira mphasa.

Lolemba, 17 Okotobala

Ndapita kukachapa, ndaziona ndi maso anga. Misala.

Kenan akuyendetsa boti, kumbuyo akukoka Jason, mwana wa mwini sitolo wa ku Boma, ataima pathabwa. Thabwalo ndi chitseko cha khitchini yanga, anachisema ndi kasemasema. Akuti anaona azungu ku Siavonga: boti limautsa funde kumbuyo, munthu amataya chingwe, fundelo n'kumamukankha lokha. Akufuna kudabwitsa anthu pa tsiku la ufulu wa dziko lino, pa 24.

Koma funde lake ngati la bakha. Jason akangotaya chingwe, phava, m'madzi. Wamwa damu lonse lero. Ndinaseka mpaka kugwetsa sopo.

Ndinamumva Jason akukalipira Kenan m'Chinyanja chake cha m'tauni: "Boti yapepuka, mudala. Faka volema kumbuyo, funde ikule." Ati aikemo zolemera. Kenan anayesa matumba a mchenga, matumba a feteleza owola, anaphulika. Anapempha amayi onenepa akhale kumbuyo, amayi anawatukwana.

Mutu ukuwawa. Mchere watha.

Lachitatu, 19 Okotobala

Ndimupha. Ndikulemba kuti ndisaiwale: ndimupha.

Ndabwera kuchokera kudimba, kuseri kwa nyumba kuli masaka okha. Mikwasa ya ngolo kulunjika kudamu. Ndinathamanga opanda nsapato.

Chiliza chili m'boti, pansi pa mpando wakumbuyo, dzina kumwamba. Phazi la Kenan lamatope pa dzina la mkulu wake. Wachimanga ndi tcheni cha ng'ombe, kuzungulizazunguliza kumpando, mapeto ake wapota ndi waya wa mpanda. Munthu wa ngolo. Kwa iye katundu aliyense ndi womanga, ngakhale pamadzi.

"Libwe ni libwe, mlamu," anatero m'Chitumbuka. Ati mwala ndi mwala basi, abweza chikondwerero chikatha.

Ndinalumphira m'boti n'kugwira tcheni. Khofi loyamba sindinaliwone. Lachiwiri linandigwetsera kunja. Anandikoka ndi duku m'matope mpaka pamtunda, n'kundiponda m'nthiti ndi nsapato za Amock. Anthu ochapa anangoyang'ana. Ndinamuluma pamsongolo, mano anakumana ndi fupa.

Kenaka analiza injini ngati palibe chachitika. Ndipo funde linakuladi, ndisaname. Kumbuyo kwa boti kunamira, madzi anadzuka kufika m'chiuno, Jason anataya chingwe n'kuima chilili, manja m'mwamba. Anthu m'manja. Ine ndikulavula magazi.

Dzino lakutsogolo likugwedera.

Lachinayi, 20 Okotobala

Kwa apongozi m'mawa, mlomo uli ndundundu. Sanandipatse ngakhale mpando. "Lekani viwawa, ndimwe mlendo pano." Mwana wawo yemwe wakumanda uja! Wamoyo ndiye amawagulira shuga.

Ndanola nkhwangwa mpaka yameta ubweya wa pamkono.

Lachisanu, 21 Okotobala

Kudamu dzuwa likutuluka, kulibe munthu. Boti lili pamadzi, lomangidwa kuchitsa. Ndinalowa mpaka m'chiuno, nkhwangwa m'mwamba, ndiboole mimba yake limire aone.

Maso anagwera pa dzina. Boti likamira, Amock amira nalo.

Ndinatema tcheni m'malo mwake. Moto thethethe, nkhwangwa yabenthuka, tcheni chili chomwecho. Waya sapotoka ndi zala. Ndipo ndikanamasula, ndani akananyamula? Amuna anayi ndiwo anachikweza.

Ndinapukuta matope padzinapo ndi chitenje n'kubwerera. Ndalira ndi ukali, osati chisoni.

Loweruka, 22 Okotobala

Kenan wabwera yekha pakhomo panga. Pakhomo panga! Ati akufuna sipanala ya Amock, injini ikutsokomola. Ine ndikukonola chimanga. Akulankhula akuseka, dzanja lamanja watsamiritsa pamlomo pa mtondo ngati mtondo ndi wake.

Musi unali kale m'mwamba.

Unatsikira padzanjapo, kulira kwake ngati kuthyola phesi louma. Anagwada, pakamwa yasa, mawu osatuluka. Ndinakwezanso musi kulinga mutu. Nkhuku inadutsa pakati pathu, sindikudziwa chifukwa chake ndinaima.

Amumanga dzanja ndi nsungwi ndi sanza. Zala zili ngati chinangwa. Kuchipatala wakana, ati apita akatha kuonetsa anthu funde lake.

Chisoni ndilibe. Ndadya bwino lero, mbali imodzi ya kamwa.

Lachiwiri, 25 Okotobala

Dzulo, tsiku la ufulu lija, sindikanatha kugwira pensulo.

Anthu anadzaza mtunda wonse, ena ochokera ku Chikomeni panjinga, mbendera, ana asukulu, mowa. Ine ndinaima patali pachulu. Kenan akuwongola injini ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pachifuwa. Anakwezanso anzake awiri kumbuyo, funde likule kuposa. Mkombero wa boti kumbuyoko unali pafupifupi kupsompsona madzi.

Ulendo woyamba zinayenda. Wachiwiri Jason anagwa, Kenan n'kuzimitsa injini mwadzidzidzi. Funde lake lomwe linamupeza, kulowa m'boti kuchokera kumbuyo, lonse. Anzake aja anadumpha. Mtunda wonse kukuwa kuti taya mwala, taya mwala.

Autaye bwanji? Anaumanga yekha.

Ndinamuona atagwada m'madzi, akulimbana ndi waya uja ndi dzanja limodzi. Kenaka ndi mano. Lamanja likungolendewera. Ndi manja awiri mwina akanapotola, mwala ukanagwera posaya, poti mphepo inali kuwakankhira kumtunda. Boti linaimirira, mphuno kumwamba, n'kutsetsereka chammbuyo. Kenan anamira nalo. Jason ndiye anamutulutsa ndi kolala, akusanza madzi ndi magazi a m'kamwa.

Palibe wafa. Koma madzulo miyala padenga panga, wina unalowa pazenera n'kuswa mtsuko. Ati mkazi wa ku Kasungu walodza boti. Ndinatuluka ndi nkhwangwa yobenthuka ija, anamwazikana.

Tcheni anamanga ndi iye. Dzanja ndinathyola ndine. Ndazitembenuza usana wonse, zikungobwera chimodzimodzi.

Lamlungu, 30 Okotobala

Tsiku loika chiliza lija ndi lero. Kumanda ndapita ndekha. Ndazula udzu, ndathamangitsa mbuzi. Kenaka ndabwerera kunyumba.

Lachitatu, 9 Novembala

Kutentha kosaneneka. Damu likuphwa, mphuno ya boti yaonekera pakati ngati mutu wa ng'ombe yomira.

Mudzi wonse ukupempherera mvula, mbewu zili m'manja. Ine ndekha ndikupempha Mulungu aigwire kaye. Ikagwa, mtsinje ubweretsa matope, boti ndi chiliza zikwiririka mpaka kale. Simenti ina ndilibe poitenga, mtedza wina ndi chaka chamawa.

A Haswell, amalume ake a Amock, avomera ng'ombe zawo ndi tcheni chachitali. Ndi okhawo amene amandiyankhabe moni. Tayesa dzulo, mnyamata wawo anayenda pamtengo woyandama n'kukola kumphuno. Ng'ombe zitakoka, mphete ya kumphunoko inazuka. A Haswell ati pafunika munthu womira pansi, akakole ngowe pa tcheni chomwe chamanga mwalacho.

Odziwa kumira kuno ndi awiri. Jason bambo ake amutumiza ku Chipata. Winayo sinditchula.

Ena onse akukana ngakhale kuyandikira. Ati Amock wakwiya, akoka aliyense wolowa pamenepo.

Dzino lija latuluka. Ndaliponya padenga ngati mwana.

Loweruka, 12 Novembala

Mitambo yakuda kuchokera kwathu ku Malawi. Kukugunda kuyambira m'mawa, mphepo ikununkha dothi lonyowa.

Kenan wabwera. Sanalowe, waima kumpanda, wawonda, dzanja lili m'chikhakha cha kuchipatala mpaka m'chigongono. Ndinatenga musi. Sanathawe. Sanapepesenso, ndipo akanapepesa ndikanamuswa mutu.

Ati amira lero mvula isanafike. Ati usiku uliwonse amalota mkulu wake atamukhalira pachifuwa, wolemera ngati simenti. 

A Haswell akhala ndi ng'ombe kumtunda, sangazisiye, zimaopa mabingu. Kenan adzimanga chingwe m'chiuno, ngowe kumanzere. Ndi dzanja limodzi ndi chikhakha chonyowa sangabwerere yekha pamwamba. Pafunika wina aime m'madzi agwire mapeto a chingwe. Wazungulira mudzi wonse, onse akana, ndi anzake a mowa omwe.

"Chingwe mukore ndimwe, mlamu. Para naguza, muniguze." Ndigwire ine. Akakoka, ndimukoke.

Anandiyang'ana pakamwa, pamene panali dzino. Ine ndinayang'ana nsapato za Amock kumapazi kwake. Nthiti zanga zikadawawabe ndikapuma.

Akakola ngowe, chiliza chituluka ndi ng'ombe, iye atuluke asatuluke. Akudziwa zimenezo. Inenso ndikudziwa.

Madontho ayamba, akuluakulu. A Haswell akuitana kumsewu, ng'ombe zili m'goli. Ndayang'ana manja anga, manja omwewa a musi uja. Ndavula chitenje chabwino, ndavala chakale.

Akakoka chingwecho, ine... A Haswell aitananso, ndasiya pensulo.