Chiyao cha a Magi

Lolemba, 3 Juni 2024

A Magi, akazi anga, atuluka m'chipatala lero. Tabwerera kuno ku Soche pa takisi, minibasi sakanatha kukwera. Dzanja lamanja silikugwira, mwendo akuchita kuukoka, pakamwa papotoka pang'ono. Adokotala ati sitiroko yake inali yaikulu ndithu, koma moyo ulipo.

Chandisowetsa mtendere ndi mawu. Chinyanja chawathawa. Akatsegula pakamwa chikutuluka ndi Chiyao chokhachokha, cha kwawo ku Namwera kumene anachokako ali kamtsikana. Chikwatiranireni sindinawamvepo akuchiyankhula m'nyumba muno. Ine wa ku Ntcheu, ndimvapo chiyani?

Lachiwiri, 4 Juni

M'mawa wonse "mesi, mesi." Ndabweretsa bulangeti, akana. Wailesi, akana. Baibulo, alikankha. Kenako ayamba kulira. Ndazindikira nditadutsa ndi kapu yanga, iwo n'kuitambasulira dzanja. Amafuna madzi basi.

Lachinayi, 6 Juni

Tinali ku kiliniki ya okalamba ku Sunnyside, kumene anatitumiza achipatala. Ndi nyumba yakale, khonde lalikulu, pabenchi imvi zokhazokha ndi ndodo. Mkulu wina wa jekete lakuda anandinong'oneza: "Takulandirani kugalaja kwathu."

Anatilandira a Felicia, mtsikana ndithu, ntchito yawo ndi kuphunzitsa anthu kuyankhula ndi kumeza. Anawapatsa a Magi madzi pa supuni, akuwagwira pakhosi. A Magi anatsokomola. Ndiye malamulo: phala lolimbirako, kudya atakhala tsonga, osagona akangotha kudya, mchere ayi chifukwa cha BP.

Ndinafunsa chimene chimandilemera. Kodi mutu wasokonezeka?

"Ayi bambo, akumva zonse," anatero a Felicia. "Zimachitika. Chiyankhulo cha paubwana chimatsala, chinacho chimabwerera pang'onopang'ono. Nthawi zina sichibwerera chonse, ndisakunamizeni. Musawakakamize. Apezereni munthu wocheza naye m'Chiyaomo."

Lachisanu, 7 Juni

Wilfred, mwana wathu, waimba kuchokera ku Lilongwe. Akuti awatenge amayi ake, kwawoko alemba nesi. "Adadi, inunso ndinu wamkulu, simungathe nokha." Ndati nanga ine? Wati ine nditsale ndiziyang'anira nyumba. Akunena mwachikondi, ndikudziwa. Komabe.

Loweruka, 8 Juni

Ndalimba mtima, ndakagogoda kwa a Aminatu, aneba athu a kuseri kwa mpanda, amene amagulitsa zitenje ku Limbe, Myao nawonso. Sananditsirizitse n'komwe kufotokoza. Angomanga mpango, tiyeni.

Atalowa kuchipinda anati, "Ajimwiche uli?" Akuti ndiko kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Nkhope ya a Magi, sindingathe kuilemba. Mawu anayamba kutuluka, ena oduka, ena athunthu, ndipo posakhalitsa ndinamva kuseka. Kuseka kwawo kwenikweni kuja, kotsirizira m'mphuno.

Ine ndinali kukhitchini, nditagwira supuni. Ndinakondwa. Koma kansanje kanandigwiranso, nkhalamba yonseyi. Mkazi ndi wanga, koma nthabwala zake akumva ndi wina.

Potuluka a Aminatu anati, "A Vitalis, akudandaula njete. Akuti phala lanu lilibe mchere." Ndati auzeni kuti mlandu ndi wa a Felicia.

Lamulungu, 9 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Ndawapesa tsitsi. Adziyang'ana pagalasi, n'kundiyang'ana ine, n'kupukusa mutu.

Lachiwiri, 11 Juni

A Aminatu akumadzera kuno m'mawa uliwonse asanapite ku Limbe, n'kundisiyira mawu awiri atatu. Ndayesa moni uja. A Magi ayankha "chenene," ndiye kuti bwino, koma andibwerezetsa mpaka lilime linakhala m'malo. Paja anali aphunzitsi, uphunzitsiwo sunawachoke.

Lachitatu, 12 Juni

Agwa kubafa.

Ndinangotembenuka kuti nditenge thaulo. Simenti inali yoterera. Sanavulale, kungosupuka pachigongono, koma ndinalephera kuwadzutsa. Ndinayesa, msana unakana. Kunja chiperoni, madzi akuzizira, iwo akunjenjemera. Ndinawafunditsa thaulo ndi jekete langa, n'kukhala nawo pansi pomwepo, ndikuitana. Anatimva ndi a Ridwan, amuna a a Aminatu, akutsuka galimoto. Anaima pakhomo atatembenukira kumbali mpaka nditawaveka bwino, kenako anawanyamula.

Tili pansi paja a Magi ankandisisita bondo ndi dzanja lamanzere, ngati wagwa ndine.

Ndamuuza Wilfred. Sindikanabisa. Akubwera Loweruka ndi galimoto. Mwina akunena zoona mwanayu.

Lachinayi, 13 Juni

Kiliniki. A Ronald, a zolimbitsa ziwalo, sanandidzudzule. Andiphunzitsa kudzutsa munthu: osakoka dzanja lodwala, kumanga chitenje m'chiuno mwawo n'kugwira pamenepo, kupinda mawondo anga osati msana. Ati kubafa kukufunika mpando ndi chitsulo chogwirira pakhoma. A Magi ayenda kuchoka pabedi kufika pazenera, akugwira ndodo ya miyendo inayi. Mkulu wa jekete lakuda uja anali pakhomo, akuwombera m'manja pang'onopang'ono.

Nditawafotokozera a Felicia za ku Lilongwe, anangofunsa kuti, "Eni akewo mwawafunsa?"

Sitinawafunse. Ine kapena Wilfred.

Loweruka, 15 Juni

Wilfred wafika chakumasana. Ataona amayi ake anagwada pafupi ndi mpando. Iwo anamugwira khutu monga ankachitira ali mwana.

Ndinaitana a Aminatu. Wilfred anafotokoza zonse bwinobwino: chipinda chakonzedwa, nesi alipo, zidzukulu zikudikira. A Magi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayankha, motalika, akupumira, mawu ena akuwasaka. A Aminatu anaika chitenje pakamwa.

"Tanenani, mayi," anatero Wilfred kwa a Aminatu.

"Akuti zikomo mwana wanga. Koma akuti, ndikapita, bambo akowa adzadya chiyani? Akuti munthu wosadziwa ngakhale kuvundula phala, ungamusiye yekha?"

Wilfred anaseka, kenako anatuluka panja. Ndinamupeza ataima kumbuyo kwa galimoto yake akupukuta m'maso. Anandifunsa kuti a Ronald aja anati chitsulo chake chikhale chachitali bwanji. Wapita ku Limbe masitolo asanatseke.

Lolemba, 17 Juni

Lero ndi Idi, a Aminatu ali ndi alendo, sabwera. Atumiza msuzi wa mbuzi, wopanda mchere, akuti anachita kupatula dala.

Ndawakhazika a Magi pakhomo la khitchini pamene pali kadzuwa. Ine pambaula, iwo akugogoda mpando ndi supuni ndikachulutsa ufa. Agogoda kawirikawiri.

Wilfred wapempha tchuthi mpaka Lachinayi, akuti akufuna akaonane ndi a Felicia, komanso apeze munthu wodzandithandiza masana. Panopa ali kubafa, akuboola khoma. A Magi andikodola kuti ndiwadzutse. Ndamanga chitenje, ndapinda mawondo, tayenda mpaka pakhomo la bafalo. Ayang'ana chitsulo chija nthawi yaitali. Kenako akweza dzanja lamanzere, n'kulipendeketsa.

"Akuti chakhota," ndamuuza Wilfred.

Akuchimasula.