Bowo la Kuseri kwa Kabati

Bambo a ana,

Ndathamangira kuntchito, ndachedwa kale. Amisiri a intaneti anabwera m'mawa, amafuna kuboola khoma pafupi ndi windo. Ndawakaniza. Ndawauza kuti waya wawo ulowere pabowo la foni yathu yakale ija, kuseri kwa kabati. Pokoka kabatiyo, kapu yanu ya tiyi yagwa n'kusweka. Pepani, komabe inali itakalamba ngati mwini wake.

Mukudziwa chimene ndapeza m'bowomo? Kasokosi ka mwana wathu woyamba, kamene munatsekera mphemvu iye akukwawa. Ndinakafunafuna mwezi wathunthu, inu muli phee!

Amisiriwo abweranso 2 koloko. Musachoke, ndipo asaboole pena. Kasokosiko musakataye. Intaneti ikayamba kugwira, timuimbire mwanayo pa vidiyo, adzionere kaphazi kamene kamufikitsa kutali chonchi.

Ndine mayi a ana.