Mfundo pa waya wakuda

Lolemba, 2 Juni

Inveta yafika. Kabokosi kachitsulo, kolemera ngati ayironi yamakala. Kabuku kake zilembo ngati nyerere, magalasi pamphuno koma kuwerenga movutikira.

Ndilembe nkhani yonse, mawa ndingadzanamizire wina. Chidwalireni sitiroko chaka chatha, amunanga, Amisiri, sagona popanda makina owathandiza kupuma. Makinawo amafuna magetsi a pa soketi. Mu Fulu, vani yathu yogonamo, muli mabatire basi. Inveta ndiyo imasandutsa moto wa batire kukhala wa pa soketi. Popanda iyo ulendo wathu womaliza mu Fulu palibe.

Mwana wathu, nesi uja, sanapsatire. Akapanda kuona ndi maso ake makina akuyenda m'galimoto, bambo ake sapita kulikonse. Kutha kwa mwezi uno tikusamukira kwa iye, nyumba yam'mwamba, yopanda poimika galimoto. Wogula Fulu wamupeza kale.

Ulendo umodzi wokha. Sindikupempha zambiri.

Munthu wokonza magetsi a galimoto zaka makumi anayi, lero ntchito yake igwiridwe ndi ine telala. Dzanja lawo lamanja lili lende. Mawu anawatsalira atatu: eya, ayi, zopusa. Liwu lachitatulo ndiye limatuluka bwino kwambiri.

Lachitatu, 4 Juni

Tsiku lonse kusesa mu Fulu. Fumbi, akangaude, sokosi imodzi ya mwana amene lero ali ndi ana ake.

Makatani ndinasoka ndine, ndili ndi pakati poyamba. Maluwa ake anafwifwa koma msoko uli nganganga. Bedi anakhoma okha ndi matabwa a chitseko chathu chakale. Pa khomo lakumbuyo timizere ta pensulo, msinkhu wa ana chaka ndi chaka. Dzina la Fulu anapereka ndi anawo, akuti kuyenda pang'onopang'ono, nyumba kumsana. Pa chitunda ankatsika n'kumayenda pambali pake akuseka. Bambo awo ankapsa mtima zedi.

Fungo lake silinasinthe. Oyilo, sopo, bulangete. Ndakhala pabedi kanthawi, tsache lili m'manja. Ndawasowa masiku amenewo.

Pansi pa bedi, m'kabati, mawaya awiri onenepa ochokera ku batire yachiwiri. Kale ankayendetsa kafiriji. Wofiira ndi wakuda. Wakudayo anali ndi mfundo kumapeto, yonyansa kuiona. Ine ndi mfundo sitigwirizana, pa ulusi ngakhale pa waya. Ndaimasula ndi pulayala, ndawongola bwinobwino.

Amisiri anali pampando pakhomo la galimoto. Ayi, ayi, dzanja lamanzere m'mwamba. Ndimayesa akufuna tiyi. Ndawabweretsera, sanamwe.

Lachinayi, 5 Juni

Zandidetsa nkhawa lero. M'mawa ndawapeza atamanga mfundo pa chingwe cha katani, dzanja limodzi ndi mano. Masana pa chingwe cha nsapato. Madzulo pa tepi yanga yoyezera nsalu, n'kumandionetsa pamaso penipeni, maso ali tong'o.

Kodi mutu wayamba kusokonekera? Nesi sindimuuza. Akangomva, ulendo wathera pomwepo.

Ndamasula zonse mwakachetechete.

Loweruka, 7 Juni

Ndalakwitsa.

Zinayamba bwino. Inveta ndinaikhomera pa thabwa pansi pa bedi, zomangira zinayi, mpata wopita mphepo mbali zonse monga kabuku kakunenera. Mawondo kuwawa, thukuta kamukamu, koma mtima uli m'malo. Kabuku kakuti wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Mwana wa sukulu angathe.

Amisiri ndodo pa chitseko, go go go. Ndinawauza kuti adekhe, nthawi yawo yolamula inatha. Mawu amenewo ndikanatha kuwameza.

Wofiira ndamanga. Nditangogunditsa wakuda, moto kuthetheka, phokoso ngati chikwapu. Kafungo ka pulasitiki wopsa. Kusindikiza batani, zii. Nyale yake osayaka.

Anangonena kamodzi liwu lawo lachitatu lija, motsitsa. Kenako anatembenuzira nkhope kumpanda. Bola akanandikalipira.

Ndalirira m'bafa, madzi akutuluka pampopi kuti asamve.

Lamulungu, 8 Juni

Mu Fulu sindinalowemo. Nesi anaimba, ndati zikuyenda.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinanyamula inveta m'chikwama kubwerera nayo kusitolo. Phewa likuwawabe. Wogulitsa anaitsegula ine ndikuona. Mwayi: yapsa ndi fyuzi yam'kati yokha. Anasintha pomwepo.

Akuti ndinatembenuza mawaya, wa pulasi ndinaika ku mainasi. Ndinakana kwamtuwagalu, wofiira ndinaika kwa wofiira, maso ndili nawo. Iye akupukuta m'manja anangoti, "Mayi, waya sadziwa mtundu wa chovala chake. Funsani amene anauika."

M'basi pobwerera ndiye zinandifikira. Msewu wafumbi, kalekale, Fulu atazima pakati pa minda. Ana akulira njala. Amisiri chagada pansi pa chiwongolero, ine nditagwira tochi. Ankayankhula okha monga mwa chizolowezi chawo: "Wa mfundo ndiye wa moto."

Munthu uja sanagulepo waya m'moyo wake. Ankatola zidutswa zotsala kugalaja, mtundu uliwonse umene wapezeka. Ndiye mtundu sunkatanthauza kanthu. Wa pulasi ankaumanga mfundo, basi. Galimoto yonse ili choncho, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndikuwagwirira tochi. Mawaya sindinkawayang'ana. Ndinkayang'ana khosi lawo, ndi mmene ankalumira lilime ntchito ikavuta.

Katani, nsapato, tepi yanga. Munthu akundiuza ndi mano ake, ine n'kumati wapenga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lambiri. Ndinapitirira siteji yathu, ndabwerera wapansi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawapepesa. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, chinthu chimene sindinachite ngakhale tili achinyamata. Ndinatenga chingwe cha katani, ndinamanga mfundo, ndinawapatsa. Anatseka maso, mpweya wautali. Eya.

Kenako anaseka, mbali imodzi ya pakamwa. Nanenso. Mpaka kutsokomola tonse awiri.

Pa waya wakuda pakuonekabe popindika pamene panali mfundo. Anandilozera kamita kawo koyezera moto, m'bokosi la zitsulo, pansi pa masipanala. Iwo agwira nsonga imodzi, ine inayo. Wakuda ndiyedi wa pulasi. Mfundo ndaibwezera, yonyansa ngati poyamba.

Sanandilole kumanga msanga. Choyamba kuchotsa waya ku batire. Fyuzi yaikulu pafupi ndi batire, ine ndinali nditaidumpha. Nati iliyonse ankaigwedeza ndi chala, ikasuntha, ayi. Ina ndabwereza kanayi.

Batani. Kanyale kobiriwira. Kafani kayamba kulira pang'onopang'ono.

Tayesa ndi nyale yapatebulo. Yayaka, dzuwa likuswa mtengo, mkati mwa Fulu. Tinangokhala n'kumaiyang'ana ngati sitinaonepo babu.

Lamulungu, 15 Juni

Nesi anabwera kudzayendera, nkhope ya kuntchito. Mwana amene ndinkamusintha matewera pa bedi lomwelo, lero ndiye wondipatsa mayeso.

Titatha kudya masana tinawagoneka bambo ake mu Fulu. Makina pa soketi ya inveta, chophimba pamphuno. Mphindi zisanu, tulo. Kunyumba amatembenuka ola lathunthu.

Maola awiri. Iye pa sitepe ya galimoto, diso pa manambala a batire, kulemba pa foni. Ine kunamizira kusoka batani. Kenako ndinamuona akupapasa timizere ta pakhomo, kufunafuna kake. Anakapeza. Kamamufika m'chiuno.

Chigamulo: masiku atatu, osapitirira. Foni yoyatsa nthawi zonse. Injini izilira tsiku lililonse kuti batire idzaze. Malo akhale pafupi ndi chipatala. Ndavomera zonse, ndikanavomera ngakhale khumi zina.

Pochoka anati, "Amayi, musamathamange." Mu Fulu! Kuthamanga kwake kuti.

Lachitatu, 18 Juni

Amisiri andikwana. Chitsimikizireni ulendo, sukulu tsiku lililonse. Kuchotsa fyuzi, kubwezera. Kuyeza oyilo. Madzi a injini. Mpweya wa matayala. Poika jeke. Kuzimitsa inveta ikakhala sikugwira ntchito, poti imadya batire mwakachetechete. Chilichonse katatu, iwo ali pampando, ndodo ikuloza.

Ulendo wa masiku atatu, maphunziro ngati ndikukalemba mayeso. Zikhadabo zonse zakuda. Chikhalirecho adzakhala pambali panga, chikavuta adzaloza. Changu n'chachiyani?

Dzulo ndinayeza oyilo osauzidwa. Anagwedeza mutu, eya. Koma nkhope sinali yosangalala, inali ngati ya munthu amene wamaliza kulongedza.

Ndachapa makatani. Limodzi lang'ambika m'manja, ndaika chigamba.

Lachisanu, 20 Juni

M'mawa. Katundu yense m'galimoto. Mabulangete, mankhwala, ketulo, makina awo pa pilo ngati mwana. Ndikulemba pa tebulo la kukhitchini, makapu sindinatsuke.

Nesi anadutsa asanapite kuntchito, kudzatsanzika. Anandikokera pambali. Akuti Lamulungu lija, ine ndili m'nyumba, bambo ake anamulanda kapepala ka nambala ya wogula uja n'kukang'amba ndi mano. Analoza Fulu, analoza khomo limene ndinalowera ine. Iye anafunsa ngati akutanthauza awirife. Ayi. Anafunsanso. Ayi. Analozanso khomo.

Ndiye Fulu sagulitsidwa. Mnzake wa nesi wa kuntchito ali ndi bwalo, Fulu azikaima kumeneko. Akuti ndi wanga.

Wanga ndekha. Sukulu yonse ija.

Nditatuluka ndinapeza bokosi lawo la zitsulo lili pansi pa mpando wa dalaivala, mbali yanga. Chikhalire limakhala kumapazi kwawo, ngakhale ana sankalikhudza. Alikoka okha ndi dzanja limodzi, sindikudziwa nthawi yanji.

Ndakwiya. Ndikuopa. Ndani wawauza kuti ndikufuna kudziwa zonsezi?

Ndalibwezera kumapazi kwawo. Ndatsegula boneti, ndaima pamenepo manja m'chiuno, ndawauza kuti ndaiwala poyezera oyilo. Anandiyang'ana. Akudziwa kuti ndikunama. Liwu lawo lija linafika pamilomo, ndinaliona, koma sanalitulutse. Anatsika pang'onopang'ono, ndodo, mwendo, ndodo, mpaka kutsogolo kwa galimoto. Anandigwira dzanja n'kuliika pa kachitsuloko.

Mawa ndiiwala fyuzi. Mkuja matayala. Ndili ndi zambiri zoti ndiiwale, azindiphunzitsa mpaka

Akuliza hutala.